Mfuti za Nkhondo ya Chiwaya: yabwino kwenikweni inali iti?

Boma lathu la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, ndipo agogo ena akamakamba zakale dzinali limawapulumukabe pakamwa. Fort ndi linga la asilikali. Manning anali munthu, William Manning, mkulu wa asilikali a Angerezi a ku Nyasaland pamene asilikaliwo anakathira nkhondo Angoni a Mpezeni mu Januwale 1898, cha komwe lero kuli Chipata. Angoni anali ochuluka ndiponso odziwa nkhondo, koma m'manja anali ndi nthungo, zishango ndi mfuti zagogodera zowerengeka. Anagonja m'masiku ochepa chabe. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anagwidwa n'kuwomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Ndiye kwathu kuno nkhani ya mfuti si ya m'mafilimu ayi. Dzina lakale la boma lathu linabwera ndi mfuti.

Gulu la asilikali a Manning lija ndi limene mu 1902 linalowa mu King's African Rifles, kapena kuti KAR. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, KAR inapezeka ikulimbana ndi Ajeremani amene ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Mbali zonse ziwiri, ogwira mfuti ambiri anali anthu akuda. Ena mwa asilikali a Ajeremani analinso a kuno komwe: batalioni yachiwiri ya KAR itathetsedwa mu 1911, anyamata ambiri amene ntchito inawathera anangowoloka malire kukalembedwa kwa Mjeremani. Agogo athu nkhondoyi ankaitcha ya Chiwaya. Ife chiwaya timachidziwa pa tchipisi cha pa Kamwendo, koma iwo ankatanthauza mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, amene anacheza ndi ambiri mwa otsala a nkhondoyi, buku lake analitcha The Chiwaya War.

Koma chiwaya chinali cha anthu ochepa. Msilikali wamba ankanyamula mfuti yowombera kamodzikamodzi, yotsekula ndi kutseka ndi dzanja, imene pa Chingerezi amati bolt-action. Ine ndiziti ya mpiringidzo. Ndikufuna tiyerekeze zitatu zimene zinakumana kudera lathu lino: Lee-Enfield ya Angerezi, Mauser 98 ya Ajeremani, ndi gogo wake wa Mauser 98, Mauser ya 1871. Fizikisi yake ndi ya Fomu 3 yomweyi, musaope.

Mpiringidzo

Tiyambe ndi gogodera. Umathira onga kukamwa kwa mpope, kuponyamo chipolopolo, kutsendera ndi kamtengo, kenako kuika kapu. Katswiri weniweni ankawombera kawiri kapena katatu pa mphindi, ndipo ntchito yonseyi imavuta kuigwira utagona pansi. Chimene chinasintha zinthu ndi katiriji: kachibekete ka mkuwa komwe kanyamula zonse pamodzi, chipolopolo kutsogolo, onga pakati, kapu kumbuyo. Pocheza timangoti chipolopolo potchula zonsezi, koma mu phunziro lino chipolopolo ndi chokhacho chimene chimauluka. Kachibekete kamatsala.

Katiriji imalowera kumbuyo kwa mpope, choncho pamafunika chitseko chotseka kumbuyoko. Onani mpiringidzo wachitsulo wa pa chitseko cha kalasi yanu: mumakweza kachigwiriro, n'kukoka, n'kukankha, n'kutsitsa. Mfuti izi ndi chimodzimodzi. Ukakweza ndi kukoka, kachibekete kotha ntchito kamatuluka n'kugwera pambali. Ukakankha, katiriji yatsopano imalowa. Ukatsitsa, mano a mpiringidzo amakola m'malo mwake ndipo chitseko chatsekeka.

Manowo si okongoletsa. Onga ukayaka umasanduka mpweya wotentha m'kamalo kochepetsetsa, ndipo mu mfuti ngati Lee-Enfield mpweyawo umakankha ndi mphamvu pafupifupi ka 3,000 kuposa mpweya umene watizungulirawu. Tayala la galimoto yaing'ono limangopopedwa kuwirikiza kawiri kapena katatu basi. Lamulo lachitatu la Newton mukulikumbukira eti? Mphamvu imene ikukankha chipolopolo kutsogolo ikukankhanso mpiringidzo kumbuyo, komwe kuli diso la wowombera. Mano aja ndi amene aima pakati pa mpweyawo ndi nkhope ya munthu. Chinanso chimene chimandisangalatsa ine ndi ntchito ya mkuwa uja. Mkuwa ndi wofewerapo, ndiye mpweya ukaukankha umafufuma n'kumatirira ku chitsulo, kutseka mipata yonse. Mphamvu ikatsika umabwererako pang'ono, n'chifukwa chake kachibekete kamatheka kusololedwa.

Pamene pali mano

Kusiyana kwakukulu kwa Mauser 98 ndi Lee-Enfield kwagona pa funso looneka laling'ono: manowo tiwaike pati?

Paul Mauser anaika mano awiri kutsogolo kwa mpiringidzo, kuseri kwenikweni kwa katiriji, n'kuwonjezera lachitatu kumbuyo longodikira ngati awiriwo atathyoka. Mphamvu yonse imathera pomwepo, siyenda mtunda m'chitsulo. N'chifukwa chake Mauser 98 ndi yolimba zedi ndipo imapirira makatiriji amphamvu. Mayiko ambiri anakopera. Amereka atapanga Springfield yawo ya 1903 anafika polipira ndalama ku kampani ya Mauser chifukwa chotengera nzeru zake, ndipo mfuti zambiri za alenje mpaka lero zimatsata kapangidwe komweko.

Lee-Enfield, imene dzina lake likuchokera kwa James Paris Lee ndi fakitale ya ku Enfield pafupi ndi London, mano ake ali cha kumbuyo. Pa kulimba yaluza: mphamvu imayenda thupi lonse la mpiringidzo isanafike pa mano, ndipo chitsulo chimafinyika pang'ono ngati sipuling'i. Koma taonani zimene yapindula. Mpiringidzo wake umayenda mtunda waufupi pokoka. Chigwiriro chimazungulira madigiri pafupifupi 60, pamene cha Mauser chimazungulira 90. Chigwirirocho chili pafupi ndi chala chowombera, dzanja silipita kutali. Msilikali wozolowera ankatha kutsekula ndi kutseka osachotsa tsaya pa mtengo wa mfuti, diso lili pa chimene akuchalira. Onjezani apo kuti magazini yake inkalowa makatiriji 10, ya Mauser 5 okha.

Msilikali wa Angerezi wophunzitsidwa bwino isanayambe nkhondo ankayenera kuwombera ka 15 pa mphindi imodzi, molunjika, pa chandamale chimene chili pa mayadi 300. Nkhani imamveka yoti pa Mons, ku Belgium, mu Ogasiti 1914, Ajeremani ena anayesa kuti akumana ndi ziwaya pamene zinali mfuti wamba. Nkhani za asilikali zimakonda kuthiridwa mchere, koma liwiro la mfutiyi palibe amatsutsa.

Pa msinkhu, Mauser 98 inali yaitali mamita 1.25, Lee-Enfield yaifupi ija ya 1907 inali mamita 1.13, zonse zolemera pafupifupi makilogalamu 4. Masentimita 12 akuoneka ochepa mpaka utayesa kutembenuka nayo mu tsekera. Mayiko ena anali ndi zawo, Arasha Mosin-Nagant ya 1891, Afalansa Lebel ya 1886, koma izo kuno sizinatikhudze, tizisiye.

Tiwerengetsere

Tulutsani makope. Kinetic energy ndi theka la kulemera kuchulukitsa ndi liwiro kawiri, ½mv². Kumbukirani kusintha magalamu kukhala makilogalamu, apa ndi pamene ambiri mumataya malikisi pa MSCE.

Chipolopolo cha Mauser ya 1871 chinali chibulumwa cha mtovu, mamilimita 11 m'mimba mwake, cholemera magalamu 25, chotuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 440 pa sekondi. Mukawerengetsa mupeza ma joule pafupifupi 2,400. Cha Lee-Enfield, chimene chimadziwika ndi dzina loti .303, chinali cha mamilimita 7.7, magalamu 11.3, mamita 744 pa sekondi, ndipo yankho ndi ma joule pafupifupi 3,100. Cha Mauser 98, chosongoka chimene anayamba kugwiritsa ntchito mu 1905, chinali chopepuka kuposa zonse, magalamu 9.9, koma chothamanga mamita pafupifupi 878 pa sekondi: ma joule pafupifupi 3,800.

Mwaona? Chopepukitsitsa ndicho chanyamula mphamvu zambiri. Chifukwa chake ndi ka 2 kali pamwamba pa v kaja. Ukawirikiza kulemera kawiri, mphamvu imawirikiza kawiri. Ukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Samu yomweyi ndi imene imachititsa kuti minibasi yothamanga 120 pa msewu wa Lilongwe–Mchinji isafanane n'komwe ndi yothamanga 60 ikachita ngozi.

Liwiro lili ndi phindu lina. Chipolopolo chikangotuluka mu mpope chimayamba kugwa, ngati mwala uliwonse. Mutagwetsa chipolopolo m'manja pa nthawi yomweyo imene china chawomberedwa mopingasa pa msinkhu womwewo, pabwalo lathyathyathya, ziwirizo zingafike pansi pafupifupi limodzi. Ndiye funso n'lakuti chikhala nthawi yaitali bwanji m'mlengalenga. Tiiwale kaye za mpweya umene umachichedwetsa. Pa mamita 300, cha Mauser 98 chitenga masekondi 0.34, cha Lee-Enfield 0.40, cha 1871 chitenga 0.68. Ikani mu ½gt², g akhale 10. Choyamba chagwa masentimita pafupifupi 60, chachiwiri 80, chachitatu mamita 2.3, kuposa msinkhu wa munthu. Mpweya ukalowapo manambala onsewa amakula. Tanthauzo lake n'lakuti wa mfuti yakale ankayenera kudziwa bwino mtunda n'kuchalira m'mwamba, monga muchitira ndi legeni mbalame ikakhala patali. Akaphonya mtunda ndi mamita 50, waphonyanso munthu.

Nanga bwanji chipolopolo chachitali chosongoka sichigubuduzika m'mlengalenga? M'kati mwa mpope muli tingalande topotana. Mu Lee-Enfield timazungulira kamodzi pa masentimita 25.4 alionse. Gawani 744 ndi 0.254, mupeza kuti chipolopolo chikutuluka chikuzungulira pafupifupi ka 2,900 pa sekondi imodzi. Amene munakwapulapo nguli mukudziwa kuti ikamazungulira mwamphamvu imaima njo, ikafooka imayamba kudzandira.

Tikaima pompa, Mauser 98 yapambana pa mphamvu ndi pa kulimba, Lee-Enfield pa liwiro la kuwombera. Anthu okonda mfuti amakangana za ziwirizi mpaka lero ngati a Bullets ndi a Wanderers. Koma mkangano umenewu ndi wa ku Ulaya. Kuno nkhani inali ina.

Utsi

Pamene nkhondo imayamba, Ajeremani ku East Africa anali ndi asilikali akuda pafupifupi 2,500, ndipo ambiri mwa iwo sanali ndi Mauser 98. Anali ndi ya 1871 ija, yolowa katiriji imodzi basi, ya onga wakuda. Boma la ku Berlin linkaona kuti yakwana, popeza ntchito yake inali yoopsezera anthu a nthungo, osati kumenyana ndi gulu lina la mfuti zamakono.

Onga wakuda ndi msanganizo wa makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa potassium nitrate. Vuto lake ndi la kemisitiri: ukayaka, zoposa theka la zotsalira zake si mpweya koma tizidutswa tolimba. Tina timatuluka ngati utsi woyera wa tolotolo, tina timatsala mu mpope ngati mwaye, moti ukawombera kangapo mfuti imayamba kuvuta. Mu 1884 Mfalansa wina, Paul Vieille, anapanga onga wochokera ku thonje losinthidwa ndi asidi, umene pafupifupi wonse umasanduka mpweya. Angerezi anapanga wawo wotchedwa cordite mu 1889. Utsi unachepa kwambiri, ndipo popeza onga watsopanowu umapereka mpweya wochuluka, umakankha chipolopolo mwamphamvu mpope wonse. Liwiro la 744 ndi 878 lija linachokera apa.

Tsono ganizirani tchire la ku Karonga mu Seputembala, udzu utauma, mphepo kulibe. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani anaukira boma la Karonga ndipo anabwezedwa ataluza anthu ambiri, nkhondo yokhayo yaikulu ya pamtunda imene inamenyedwera m'dziko muno. Sindikunena kuti utsi ndi umene unagamula tsiku limenelo, panali zambiri. Koma dziikeni m'malo mwa mnyamata wa Mauser yakale. Wabisala bwinobwino, wawombera kamodzi, ndipo pamwamba pa chitsamba chako payima kamtambo koyera kouza aliyense kuti uli apa. Anzako khumi akawombera limodzi, kutsogolo sikuonekanso. Mdani wako akukuona, iwe sukumuona, ndipo iye ali ndi makatiriji ena okonzeka m'magazini pamene iwe ukupisa m'thumba. Ine pa zonse zimene tayerekezazi, kusiyana uku ndiye ndimakuona kwakukulu, kuposa mano a kutsogolo kapena a kumbuyo.

Komabe tisainyoze kwambiri nkhalambayi. M'nkhalango zowirira anthu ankawomberana pafupi, nthawi zina mamita 50 osakwana, ndipo pamenepo kugwa kwa chipolopolo kulibe ntchito. Chibulumwa cha mtovu cha magalamu 25 chimaphwatalala chikalowa m'thupi, mabala ake anali oopsa. Ndipo luso la Mauser 98 lomenya patali linalibe pogwira: chochalira chake chinkayambira pa mamita 400, mtunda umene m'tchire la miombo suuona kawirikawiri.

Mkulu wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, ankalidziwa vuto la utsili, ndipo mankhwala ake anali kulanda. Pa Tanga, mu Novembala 1914, anthu ake pafupifupi 1,000 anabweza gulu la Angerezi ndi Amwenye pafupifupi 8,000, amene pothawira ku zombo anasiya mfuti zokwanira makampani atatu a asilikali, ziwaya 16 ndi makatiriji pafupifupi 600,000. Mu 1915 sitima ina inazemba zombo za Angerezi n'kubweretsa ma Mauser 98 pafupifupi 1,800, ngakhale inamizidwa pafupi ndi gombe ndipo katunduyo anachita kumuvuula m'madzi a mchere. Pa 25 Novembala 1917 anawoloka Rovuma kulowa mu Mozambique, n'kugonjetsa Apwitikizi pa Ngomano ndi kutenga mfuti zawo. Koma kulanda kuli ndi msampha wake. Ya 1871 imadya katiriji ya mamilimita 11, Mauser 98 ya 7.92, Lee-Enfield ya 7.7, ya Apwitikizi ya 6.5, ndipo palibe imene imalowa mwa inzake. Mfuti yolanda imakhala ndi moyo pokhapokha ukulandabe chakudya chake. Chikatha, yasanduka chibonga cha makilogalamu 4.

Amene ankasenza

Apa ndi pamene samu imandiwawa. Katiriji imodzi ya .303 imalemera magalamu pafupifupi 25. Makatiriji 1,000 ndi makilogalamu 25, osawerengera bokosi, ndipo umenewu ndi pafupifupi mtolo wa munthu mmodzi, theka la thumba la feteleza. Asilikali 10 akuwombera ka 15 pa mphindi amatha makatiriji 150 pa mphindi. Gawani 1,000 ndi 150. Mtolo umene bambo wina wausenza pamutu milungu ingapo, watha mphindi 7 zisanakwane.

Kumene kunkamenyedwa nkhondoyi misewu ya galimoto inali yosowa, ndipo ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu. Gulu la General Edward Northey, limene mu 1916 linalowa m'dziko la Ajeremani kudzera kumpoto kwa nyanja ya Malawi, linkadalira amtengatenga pa chilichonse: ufa, mankhwala, matenti, makatiriji. Akatswiri a mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo, mafumu ankalamulidwa kupereka anthu ndipo ena ankagwidwa usiku. Ndipo chimene chinapha ochuluka si chipolopolo, koma kamwazi, malungo, chibayo ndi njala.

Njalayo nayonso ili ndi samu yake. Wamtengatenga amadya pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku. Ngati mtolo wake ndi ufa wa makilogalamu 25 ndipo ulendo ndi wa masiku 12 kupita, 12 kubwerera, ndiye kuti wadya mtolo wonse, kutsogolo sikunafike kanthu. Choncho pamafunika anthu osenzera chakudya anthu osenza chakudya cha anthu osenza makatiriji. Mzere ukatalika, chiwerengero chimakwera moopsa, ndipo akuluakulu akafuna kuchepetsa, chimene ankadula ndi phoso la wosenzayo. Ndiye mukamva wina akutama Lee-Enfield kuti inali yachangu, n'zoona ndithu, ine ndemwe ndavomereza kuti m'tchire lathu ndi imene inali yoyenera pa zitatuzi. Koma changu chimenecho chinkalipiridwa ndi makosi a anthu amene mayina awo ambiri sanalembedwe paliponse. Chipilala cha KAR ku Zomba chili ndi mayina a asilikali.

Pang'ono za chitetezo, popeza ena mumalima m'malo momwe kale munali misasa: mukafukula katiriji yakale kapena chitsulo chooneka ngati bomba, musachigogode, musachiponye pamoto, musapite nacho kwa ogula zitsulo. Onga sukalamba monga muganizira. Uzani akuluakulu adziwitse apolisi.

Lettow-Vorbeck anatuluka mu Mozambique, nadutsanso m'dziko lake lakale, n'kulowa mu Northern Rhodesia, Zambia ya lero. Uthenga woti nkhondo yatha ku Ulaya unamupeza cha ku mtsinje wa Chambeshi, ndipo pa 25 Novembala 1918 anakatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala. Anali ndi azungu 155 ndi asilikali akuda 1,168, kuphatikizapo chikhamu cha amtengatenga ndi amayi. Pa mulu wa mfuti zimene gulu la Mjeremanili linatula tsiku limenelo, zochuluka zinali za Angerezi ndi za Apwitikizi.

Ntchito ya kunyumba, mubwere nayo Lolemba. Choyamba, makatiriji 600,000 a pa Tanga aja, pa magalamu 25 iliyonse ndi makilogalamu 25 pa munthu, anafunika mitu ingati kuti achoke pa gombe? Chachiwiri, gwiritsani ntchito momentum, mv, kupeza liwiro limene Lee-Enfield ya makilogalamu 4 imabwerera nalo pa phewa chipolopolo cha magalamu 11.3 chikatuluka pa mamita 744 pa sekondi. Kenako chitaninso chimodzimodzi ndi ya 1871, muiyese ya makilogalamu 4.5, mundiuze kuti ndi iti imene inkamenya phewa kwambiri.